Kanyumba ka Mphepo ka a Wadisoni

Mwambi umene ndikufuna kukulasani nawo lerowu unayamba motere. Koma kuutchula ndiutchula kumapeto, chifukwa ndikautchula pano mundiuza kuti mukuudziwa, ndiye matenda ake ndi omwewo. Imitsani makina. Iwe Lonesi, lavula mapini ali m'kamwawo, usandifere pakhonde pano ndisanamalize nkhani. Ndipo pasapezeke wondiuza kuti mwambiwu ndi wakale kuposa kompyuta. Munalipo inu? Ine ndinalipo, ndipo nsalu yake ndinasoka ndine.

Nthawi imeneyo ndinkasokera pa Balaka, kuseri kwa msika, khonde limodzi ndi bambo wina wokhoma mabokosi a maliro, a Wadisoni Mkwapatira. Iwo akakhoma bokosi, ine ndinkasoka nsalu yoyera ya m'kati. Manja ngati amenewo sindinawaonenso, ana inu. Munthu uja akalumikiza matabwa awiri, unkayendetsa chala osapeza pamene akumana. Ankanyada nazo. Ankati, "Bokosi langa silinalowepo nyerere, ndipo mwa onse amene ndinawagoneka palibe anabwerako kudzadandaula."

Koma anali ndi chisoni chawo. Tsiku lina akupala thabwa anandiuza kuti, "Anambewe, inu mukasoka diresi limayenda mumsewu chaka chonse. Ntchito yanga imaoneka tsiku limodzi, oionawo maso ali ndi misozi, kenaka aithira dothi." Ndinawamvera chisoni zedi. Chovuta chawo chinali chakuti sankalola munthu kumaliza chiganizo. Ukati, "A Wadisoni, madzi a tiyi aja," iwo, "Ndadziwa kale." Kaya awira, kaya atayika, zimenezo ankakazionera okha kutsogolo.

A Wadisoni anali ndi mlongo wawo, a Nachisale, mayi wamasiye wofatsa, ndipo a Nachisale anali ndi mwana mmodzi, Edesi. Bambo ake a Edesi, malemu a Lameki, anamwalira mwanayo ali m'mimba. Zithunzi zawo zimene zinalipo zinadyedwa ndi chiswe m'sutukesi. Choncho Edesi anakula mpaka kumaliza sukulu ya zamakompyuta ku Blantyre asakudziwa nkhope ya bambo ake. Achibale ankangomuuza kuti mphuno watengera, chipumi si chawo, kaseka kake ndi komweko. Mwanayo ankamwetulira akamva zimenezi, koma ine ndinkaona kuti zinkamuwawa.

Chaka chimenecho akuchimuna a ku Ntaja, posesa m'nyumba ya gogo wina, anapeza tepi ya vidiyo, zakuda zikuluzikulu zija zimene inu simunazione. Inali ya ukwati wakalekale. A Nachisale atamva mayina a akwatiwo anagwira pakamwa. Pa ukwati umenewo a Lameki anavina gule wa beni, ndipo iwo ndiwo anali mwini wezulo, wolowa m'bwalo pomalizira.

Edesi anapita nayo ku Liwonde kwa Che Likwata, mkulu wina amene kale ankaonetsa kanema, ndipo deki yake yoonetsera matepi inali ikugwirabe ntchito ngakhale kuti wailesi yakanema inam'psera kalekale. Mkuluyo anatsegula kachivindikiro ka tepi, nanunkhiza.

"Yadya nkhungu iyi, mama," anatero Che Likwata. "Idutsa kamodzi kokha. Ikamadutsa m'deki chithunzi chizipalika, chizigwa ngati fumbi. Ndipo ikayamba isaime. Mukaimitsa imamatira, n'kuduka, basi. Ndiye mukonze kompyuta yoti izimeza zithunzizo pamene zikudutsa. Ikalephera kumeza, bambo anu mwawataya kachiwiri."

Ine za makompyuta sindidziwa, ndipo sindinamizira. Koma zimene Edesi anayala pa tebulo langa lodulira nsalu ndinaziona ndi maso angawa. Ankagula chimodzichimodzi ku Limbe, zina zatsopano, zina zapakaunjika. Panali bolodi lobiriwira lokhala ndi timizere tasiliva tambirimbiri, tosakhudzana, tosasokonezana, moti ine wa singano ndinachita manyazi ndi misoko yanga. Pakati pake anaikapo kachitsulo kochepa ngati sitampa, nati ubongo wake ndi umenewo. Ndinafunsa kuti nanga akukasenzetseranji fani pamutu. Iye anati kachitsuloko kakamaganiza kamatentha, ndipo kakatenthetsa kamadzizimitsa kokha kuti kasapse. Ine ndinakhala pansi. Chinthu chopanda magazi, koma chodziwa kuti apa ndafika ndileke. Ndikudziwa anthu aimvi amene nzeru imeneyo alibe.

Atalumikiza zonse pa thabwa, anayatsa. Kafani ka paubongo kaja kanazungulira mwakachetechete, sikirini inawala, chinthucho n'kuyamba kulemba mawu chokha. Chimene chinkasowa chinali bokosi loti zonsezi zikhalemo, pamodzi ndi mafani ena anayi amene anali akadali m'mapepala.

Mawu akuti bokosi anawapeza a Wadisoni ali kuseri kwa khoma, ndipo anatulukira ndi utuchi m'ndevu.

"Mwana wa mlongo wanga akagule bokosi kusitolo ine ndili moyo?"

"Amalume, limakhala lachitsulo, ndiponso limayenera..."

"Ndadziwa kale. Chitsulo ndi cha anthu osowa mmisiri kubanja kwawo. Ndipatse miyeso. Ndipo sindikhoma bokosi, mabokosi ndatopa nawo. Ndimanga nyumba."

Madzulo ake anatsitsa kudenga matabwa a mlombwa amene anasungira bokosi lawo lomwe. Ine ndinati, "A Wadisoni, nanga inu mudzagona m'chiyani?" Iwo anati ngakhale m'paini adzagona, sakamva kuwawa, koma kamodzi kokha akufuna apange chinthu chokhala pamtunda.

Ndipo anamangadi. Kanyumba kofika m'mawondo, ka denga la makona anayi, malata ake osema pathabwa mzeremzere. Kanali ndi khonde, mizati yopota, masitepe, ndi mazenera anayi ozungulira a muyeso wa mafani aja, awiri kumaso, awiri kuseri. Batani loyatsira analiika pakhonde, pambali pa mzati. Anthu opita kumsika ankaima, madengu ali kumutu, mpaka kuiwala chimene atsata. Kwa nthawi yoyamba anthu ankayang'ana ntchito ya a Wadisoni akumwetulira, ndipo mkulu uja ananenepa m'masiku amenewo.

Linafika dzulo la tsiku loonera tepi. Edesi anali atalowetsa bolodi ndi zina zonse m'kanyumbamo, denga lisanaikidwe, ndipo ankanyamuka kukatenga Che Likwata ndi deki yake.

"Amalume, mafaniwa asiyeni, ndidzaika ndekha mawa."

"Ubwere ndi alendo nyumba ili yosafolera? Pita, ndiika ine."

Edesi anayang'ana dzuwa, nayang'ana amalume ake. "Ndiye mvetserani. Fani iliyonse ili ndi kamuvi m'mbalimu, kosonyeza kumene mphepo ikupita. Awiri akumaso, mivi iloze m'kati. Awiri akuseri..."

"Ndadziwa kale."

"Mawaya ake ali ndi pobaya pabolodipa. Malo ake ndi atatu okha, ndiye wachinayi mumusiye, ndibwera ndi kachingwe kogawira. Koma uyu wa paubongoyu..."

"Edesi, pamene iwe unkabadwa ine n'kuti nditagoneka kale anthu odziwa Chingerezi kuposa iwe. Minibasi ikusiya."

Mwanayo anakuwa ali kumsewu za mbali imodzi yoti ikhale yotsegula, koma iwo anangomukwezera dzanja, maso ali pa tchizulo.

Ine ndinali pomwepo ndi makina anga, ndiye zonse ndinaziona. Anayamba ndi mazenera akumaso, mivi kuloza m'kati, bwinobwino. Atafika kuseri anaima, akuitembenuza fani m'manja. Ndinati, "Ngati mwana uja amafuna kunena kanthu za akuseriwo."

"Amati atulutse mphepo. Ndinamudula dala kuti asadzichititse manyazi. Anambewe, kwanu kuja mlendo akalowera khomo lakumaso, mumam'tulutsira lakuseri nthawi yomweyo? Mphepo ndi mlendo. Taiitana tokha. Ibwere, ikhale pansi, ipume, ione m'nyumba. Nanga tigule fani yoti izikupiza kunja? Kunja kuli ndi mphepo yake kale."

Munthuyo ankalankhula mokoma, ana inu. Ukamamumvera unkaona ngati opanga mafaniwo ndi amene sanaleredwe bwino. Anamanga mafani akuseri, mivi yonse kuloza m'kati.

Kenaka mawaya. Atatu analowa pamalo pake. Wachinayi anatsala m'manja akulendewera, ndipo a Wadisoni sanali munthu wogona ntchito itatsala. Anasuzumira ndi tochi, napeza malo achinayi, pamene Edesi anabaya waya wa kafani ka paubongo kaja.

"Aka kali m'kati, akaone ndani?" anatero. "Wapazenerayu ndiye woonekera kwa anthu."

Anazula wa Edesi, nabayapo wawo. Analowa bwino lomwe, timano take n'kukwanirana, ndipo iwo anati umenewo ndi umboni wakuti malowo anali a fani yawo kuyambira kufakitale.

Zitatero dzanja linachita zimene linazolowera. Musaiwale kuti moyo wawo wonse munthuyu ankatseka zinthu zoti zisadzatsegukenso. Anapaka guluu, anatsitsa denga, anakhoma misomali yobisika, mitu yake n'kuikwirira ndi utuchi. Timabowo totulukira mawaya kuseri anatimata chifukwa cha fumbi la pa Balaka. Pakati pa mazenera akumaso anasema chitseko, mafelemu ake, kabowo ka kiyi, zonse pathabwa lomwelo, n'kumatapo kachogwirira kamkuwa. Anapaka vanishi. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, nakayang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinawaona akupukuta maso ndi mkono wa ovolosi. Anandipempha ndisoke nsalu yofundika, ndipo ndinasoka yofiira, ya mphonje zagolide.

M'mawa mwake kunacha ndi dzuwa la Okutobala, la pa Balaka, limene limakuwotcha ngakhale uli pamthunzi. Pofika masana shedi ya a Wadisoni inali itadzaza. Akuchimuna anabwera pa lole kuchokera ku Ntaja, ndipo loleyo inkabwerera tsiku lomwelo. Mabokosi osagulidwa anawakankhira kukhoma, ena n'kukhalapo. A Nachisale anavala chilundu chawo chakutchalitchi, nakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo. Edesi anafika ndi Che Likwata anthu atakhala kale, nalumikiza deki ndi sikirini ku mawaya amene ankatuluka pansi pa nsalu yanga.

A Wadisoni anakhosomola, nachotsa nsalu, nadina batani la pakhonde.

Ana inu, ndaona zinthu ine. Ndaona ndege ikutera pa Chileka, ndaona njovu ikuwoloka Shire. Koma mmene kanyumba kaja kanadzukira sindidzaiwala. Mafaniwo anali ndi timagetsi, ndiye mazenera onse anayi anayaka buluu, akuzungulira, kuwalako kukutsetsereka pa mlombwa wofiira uja. Kanayamba kung'ung'udza pansipansi ngati muli anthu akupemphera. Mayi wina wa ku Ntaja anagwada osadziwa kuti wagwada. Mkulu wina anavula chipewa. Ine tsitsi linandiimirira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Edesi nayenso anasilira, ndinamuona. Koma kenaka anasolola ulusi pa mphonje ya nsalu yanga, nauika pazenera lakumaso. Ulusi unakokeka kuloza m'kati. Anazungulira kuseri, nauikanso. Unakokekanso kuloza m'kati. Anagwira kachogwirira ka chitseko kuti asuzumire, ndipo kanam'tsalira m'zala.

"Amalume," ananong'ona, "onse akulowetsa. Mphepo yotentha itulukira pati? Ndipo potsegula ndi pati?"

"Ndadziwa kale."

"Kafani ka paubongo kaja simunakakhudze?"

"Iwe, ukufuna kundiyesa mayeso pamaso pa akuchimuna?"

A Nachisale anam'koka mwanayo chitenje. "Edesi, amalume ako sawatsutsa pagulu. Taona mmene akondwera. Zokonza udzakonza mawa, anthuwa lole ikuwadikira."

Mwanayo anagonja. Anandiuza pambuyo pake kuti anawerengera mumtima kuti bola kafani ka paubongo kakuzungulira, tepi imodzi chinthucho chipirira. Anakhala pa kiyibodi, nagwedezera mutu Che Likwata. Mkuluyo analowetsa tepi, nati bisimila, nadina.

Poyamba panali mizere yokhayokha. Kenaka pa sikirini panatulukira bwalo, mitengo ya mango, ndi anthu. Anthu oyenda, oseka, okupiza ndi mipango. Munthu wina kumbuyo anati, "Amayi anga awo." Wina anaona mkazi wake ali namwali. Ochuluka mwa anthu a patepipo anali atagona kale kumanda, koma apa n'kuti akutafuna nzimbe, akukankhana pa benchi, wina akukalipira galu. Palibe analankhula mokweza. Tinkachita kupuma mosamala, kuopa kuwathawitsa.

A Wadisoni anawerama pafupi ndi ine, akuloza ndi chibwano. "Awo ndinawagoneka m'mlombwa. Awo m'paini, ana awo anali ouma manja. Awo a chipewawo anandivuta, anali aatali." Kenaka anati, "Anambewe, sindinawaonepo akuyenda chonchi anthu angawa. Ine amandipeza atagona."

Pansi pa deki pankagwa fumbi lofiirira, monga ananenera Che Likwata. Zimene zadutsa, zadutsa.

Tsono mukuudziwa ukwati wa kwathu kuno. Beni sayamba anthu asanalankhule. Anaima ankhoswe akuchikazi, nalankhula. Anaima akuchimuna, nabwereza zomwezo. Anaima mkulu wampingo, nayamba ndi Adamu. Ali pakati pa ulaliki, m'shedi muja munayamba kununkha vanishi. Kung'ung'udza kuja kunasanduka kulira, mafani akukankha mphepo m'nyumba imene inali itakhuta kale. Ndinagwira kadenga, ndipo ndinabweza dzanja msanga. M'mizere ya malata osema aja munkatuluka timadontho ta guluu.

"Amalume, kakutentha."

"Ndi fungo la chinthu chatsopano. Ona kanema."

Pa tepi paja inayamba perekaniperekani. Chithunzi chinayamba kudodoma, munthu akakweza dzanja linkaima m'malere, kenaka n'kudumpha. Edesi thukuta linkachita kugwera pa kiyibodi. Ankapempha chapansipansi kuti anthu a patepiwo afupe msanga, koma anthu akufa safulumizidwa, ndipo panali azakhali ena amene anabwerera m'bwalo kudzavinanso ndi mbale yomweyo.

Kenaka ng'oma zinamveka. Wezulo inalira chapatali. Fumbi linakwera kuseri kwa mitengo ya mango, ndipo mzere wa anyamata a makabudula oyera unalowa m'bwalo, mapazi akugunda pamodzi. A Nachisale anaimirira, mayi wofatsa uja, chilundu chikumasuka osachisamala.

"Wezulo imeneyo ndi yawo. Edesi, yang'ana kumapeto kwa mzere. Akubwera. Pambuyo pa wamtaliyo."

Wamtaliyo anadutsa. Mphepete mwa sikirini munatulukira dzanja logwira ndodo.

Mazenera anayi aja anazima, sikirini n'kuda bii.

M'shedi monse munatsala phokoso limodzi lokha, la deki ikukoka tepi, ndi fumbi likugwabe pansi pake. Mkulu wina anatambasula dzanja kuti aimitse, koma Che Likwata anamugwira pamkono. "Mukaimitsa yaduka. Isiyeni. Mama, dzutsani chinthu chanucho."

Edesi anadina batani. Mazenera anayaka, nazimanso. Anadinanso, zomwezo. Anatembenuka, ndipo ulendo uno sananong'one.

"Amalume, tsegulani. Bambo anga akuvina mumdima umu. Tsegulani."

A Wadisoni anatsegula pakamwa. Ndinadikira mawu awo a masiku onse, koma sanatuluke. Anakazungulira kanyumbako akupapasa ndi zala, kufuna mpata wolowetsa tchizulo. Mpata ukanachokera kuti? Anamanga ndi iwo. Anayesa pansi pa denga, tchizulo inaterereka. Anayesa pakona, inatererekanso. Luso lawo lomwe ndi limene linawaimira pakhomo, ndipo ine mtima unandipweteka poganiza kuti mmisiri wina aliyense wa pa Balaka akanasiya kampata.

"Achimwene," anatero a Nachisale, osakweza mawu. "Mwamuna wanga munamutsekera kamodzi, ndipo ndinakuthokozani. Kachiwiri ayi."

A Wadisoni anapita kukhoma, natenga kasemasema. Anaima pamwamba pa chinthu chokha chimene anapanga choti chikhale pamtunda, natseka maso, natema. Mlombwa si paini. Kasemasema kanadumpha. Anatemanso, akulira poyera tsopano, anthu akuthawa zipalapala, mpaka denga linang'ambika pakati. Mpweya umene unatuluka mmenemo unali ngati wa mu uvuni wa sikono, ndipo mkulu wovula chipewa uja anabwerera chagada pa bokosi.

Edesi anapisa dzanja osasamala kutentha. Anapeza kafani ka paubongo kali duu, waya wake akulendewera pambali. Sanayang'ane amalume ake. Anazula waya wa fani yapazenera, nabwezera woyenera pamalo pake. "Kupizani," anatero, ndipo amayi anathamangira kumsika kukalanda malichero kwa ogulitsa nyemba. Tinazungulira kanyumba kosweka kaja tikukupiza ndi malichero, ndi zitenje, ine ndi nsalu yanga yofiira ija, a Wadisoni ndi chivindikiro cha bokosi la mwana. Deki inali ikukokabe.

Edesi anadina. Kafani kanazungulira. Sikirini inawala, koma kompyuta ili ndi miyambo yake podzuka, ndipo siidumpha ngakhale pa maliro. Mwanayo ankaidikira zala zili pamwamba pa mabatani, milomo ikuyenda. Kenaka anagogoda msangamsanga, ndipo bwalo lija linabwerera.

Ng'oma zinali zitaleka. Anthu a patepiwo ankaomba m'manja, amayi akululutira, ena akuponya mipango m'mwamba, zoonetsa kuti chimene chinachitika m'bwalomo chinali chachikulu. Ndipo pakati pa fumbi mwamuna wina ankachoka, atatipatsa msana. Malaya atamatirira ndi thukuta, ndodo ili kukhwapa, wezulo ataiponyera kumbuyo ikulendewera pa chingwe. Poyenda ankaponya pang'ono mwendo wamanzere.

"Ndi amenewo," anatero a Nachisale. "Kayendedwe kameneko."

Edesi anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Atembenuka, amayi?"

Mwamunayo anakweza dzanja kwa anthu omuululutirawo, osacheuka. Anafika pa mtengo wa mango. Sikirini inadzaza timadontho tonga mpunga, deki inati khetye, tepi yatha.

Edesi anabwezera kachidutswa kamene kompyuta inameza, ndipo bambo ake anachokanso, atatipatsa msana. Anabwezeranso. Ndinalira ine, ana inu, ndipo ndikamaganiza ndimalirabe, chifukwa nkhope imene mwanayo anaidikira moyo wake wonse inadutsa m'shedi momwemo, pamaso pathu, kwa nthawi yonse ya nyimbo za beni, ndipo inagwa pansi pa deki ili fumbi. Che Likwata analisesera fumbilo m'kapepala, napatsa a Nachisale, posowa china chowapatsa.

A Wadisoni anali atakhala pansi pakati pa zipalapala za mlombwa, fani imodzi ili m'manja. Ankayang'ana kamuvi kaja. Patapita nthawi anadzutsa mutu, nalankhula ndi mawu amene sindinawamvepo chikhalire khonde limodzi ndi iwo.

"Edesi, mwanangu. Awiri akuseri aja, unkati mivi iloze kuti?"

Maso a mwanayo anali pa msana wa bambo ake. Anayankha ndi a Nachisale. Anamanga kapepala ka fumbi kaja pa mfundo ya chitenje, nayang'ana mlongo wawo, ndipo mawu amene ananena anakwera lole ya ku Ntaja tsiku lomwelo, mpaka lero akuyendabe:

"Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."